Inshuwalansi ya nyumba yosiyana ndi zinzake: mmene mungaipezere ndi kuisunga

Inshuwalansi ya nyumba imene makampani ambiri amagulitsa inakonzedwa poganizira nyumba ya mtundu umodzi: makoma a njerwa, miyala kapena konkire, denga la malata kapena matailosi, mwini wake akugonamo ndi banja lake, sachitiramo bizinesi, ndipo pamalopo madzi sanasefukirepo. Nyumba yanu ikakhala yotero, kugula inshuwalansi n'kosavuta. Koma pali nyumba zofolera udzu, zamatabwa, zomwe zatsekedwa chifukwa mwini wake ali kunja kapena anamwalira, zomwe zikumangidwabe, zomwe mumagona alendo olipira, zoyandama pamadzi, ndi zina zomangidwa m'mbali mwa mtsinje. Zonsezi zili ndi inshuwalansi yake.

Choopsa kwa mwini nyumba yotere si kukanidwa ndi kampani. Mukakanidwa mumadziwa pomwepo, n'kupita kwina. Choopsa n'kulandiridwa pa mgwirizano umene sukugwirizana ndi nyumba yanu, n'kumalipira chaka ndi chaka mtima uli m'malo, kenaka tsiku la moto kampani n'kukuuzani kuti nyumba imene inavomera kuteteza si imene yapsayi. Malangizo ali m'munsiwa cholinga chake n'choti kampani iidziwe nyumba yanu mmene ilili musanailipire kalikonse, ndipo iivomereze polemba.

Choyamba: lembani zoona za nyumbayo musanalankhule ndi aliyense

Tengani pepala muyankhe nokha mafunso atatu. Nyumbayi inamangidwa ndi chiyani? Amakhalamo ndani, ndipo amachitiramo chiyani? Malo amene ilipo anakumanapo ndi zotani?

Pa funso loyamba lembani chaka chimene inamangidwa, zipangizo za makoma, za denga, ngati mbali ina ya denga ili yafulati, chaka chimene mawaya a magetsi anayenderedwa komaliza, ndi nyumba zing'onozing'ono za pambali. Pa lachiwiri lembani miyezi imene nyumba imakhala yotseka pa chaka, anthu osakhala a m'banja mwanu amene amagonamo, ndi ntchito iliyonse yobweretsa ndalama. Pa lachitatu lembani za madzi osefukira, ming'alu ya m'makoma, mitengo ikuluikulu yoyandikira, mbava, ndi chipukutamisozi chilichonse chimene munapemphapo ku kampani m'zaka 5 zapitazi. Onjezani ngati kampani ina inakukanizanipo kapena kuthetsa mgwirizano wanu, chifukwa adzakufunsani ndithu.

Jambulani zithunzi za kunja ndi m'kati, chipinda ndi chipinda, muzisunge pa intaneti kapena kwa munthu wina. Zithunzi zosungidwa m'nyumba momwemo zimapsera limodzi ndi nyumba.

Chachiwiri: dziwani chimene chikukusiyanitsani ndi ena

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo anthu ambiri amapeza kuti ali m'magulu awiri kapena atatu nthawi imodzi.

Gulu loyamba ndi la nyumba yopanda anthu. Iyi ndi imene imagwetsa anthu ochuluka, chifukwa munthu saganiza kuti kutseka chitseko n'kuchokapo kungasinthe mgwirizano. Migwirizano yambiri ili ndi malire a masiku 30 kapena 60 otsatizana. Akadutsa masikuwo nyumba isanagonedwe, chitetezo pa kuba, pa kuwononga mwadala ndi pa madzi otayika m'mapaipi chimatha chokha, popanda kalata yokuchenjezani. Chifukwa chake n'chomveka. Paipi ikaphulika muli anthu, wina amatseka madzi m'mphindi zochepa. Ikaphulika mulibe munthu, madzi amatayika masabata mpaka siling'i kugwa. Mbava nazo zimadziwa nyumba imene magetsi ake sayaka usiku.

Musaganize kuti kupita kukatsegula mawindo masana kumawerengedwa ngati kukhalamo. Makampani ambiri amafuna kuti munthu azigonamo ngati pakhomo pake, ndipo ena amafunanso kuti mukhale mipando ndi ziwiya zokwanira kuti munthu n'kukhalamo. Werengani mmene kampani yanu yamasulirira mawuwo.

Inshuwalansi ya nyumba yopanda anthu imagulitsidwa ya miyezi 3, 6 kapena 12, ndipo imakhala ya magawo. Gawo lotsika limateteza pa moto, mphenzi, kuphulika ndi kugweredwa ndi ndege basi. Ambiri amalisankha chifukwa cha kutchipa, osazindikira kuti lasiya kunja zinthu ziwiri zimene zimachitikadi pa nyumba yotseka, zomwe ndi kuba ndi madzi. Ngati mungakwanitse, tengani gawo lapamwamba. Mudzapatsidwanso zoti muzichita: munthu aziyendera nyumbayo masiku 7 kapena 14 aliwonse n'kumalemba tsiku, madzi atsekedwe pa mita, ndipo m'mayiko ozizira kwambiri mapaipi akhuthulidwe kapena nyumba izitenthetsedwa pang'ono kuti madzi asaundane n'kung'amba mapaipi.

M'gulu lomweli muli nyumba ya malemu. Mgwirizano unali m'dzina la womwalirayo, ndipo achibale ali kalikiliki ndi zina, miyezi n'kumapita. Amene wapatsidwa udindo woyang'anira chuma chamasiye adziwitse kampani msanga za imfayo, afunse ngati chitetezo chikupitirira, ndipo mgwirizano ulembedwe m'dzina loyenera kufikira nyumbayo itagawidwa kapena kugulitsidwa. Chimodzimodzi nyumba ya kholo limene lapita kukakhalitsa kuchipatala kapena kwa ana ake.

Gulu lachiwiri ndi la kamangidwe. Denga la udzu ndiye lodziwika kwambiri. Chimene makampani amaopa si kuti limayaka kawirikawiri, koma kuti likayaka silizimitsika msanga: udzu unafoleredwa kuti madzi asalowe, choncho madzi a ozimitsa moto amangotsetsereka pamwamba moto ukunyeka pansi pake. Nthawi zambiri nyumba yonse imapita. Ku England, kumene nyumba za udzu zidakalipo zambiri, moto wambiri wotere umayambira m'chumuni, makamaka pamene muli mbaula ya nkhuni. N'chifukwa chake kumeneko amafuna umboni woti chumuni chimasesedwa chaka ndi chaka ndiponso kuti magetsi anayenderedwa ndi katswiri. Ku South Africa, m'madera a mphenzi zambiri, amakonda kufuna mlongoti wokoka mphenzi, ndipo amafunsanso za kachisakasa ka udzu komangidwa pafupi ndi nyumba yaikulu, ngakhale nyumbayo ili ya matailosi. Mukakaiwala kachisakasako pofotokoza, n'kukhala kuti moto wayambira pamenepo, mudzavutika.

Nyumba za matabwa, za dothi lotsendera, za zitsulo, za makontena ndi zobwera zopangiratu kufakitale zili m'gulu lomweli. Sikuti ndi zofooka. Vuto n'lakuti kampani wamba ilibe chidziwitso chokwanira cha mmene zimawonongekera ndi mtengo wozikonzera, ndiye imangokana kapena kukweza mtengo. Chimene chimathandiza apa ndi mapepala: mapulani ovomerezedwa ndi aboma, lipoti la injiniya, ndi chikalata cha kampani imene inapanga nyumbayo. Ngati muli ndi sola padenga ndi mabatire m'nyumba, zitchuleni, ndipo sungani chikalata cha amene anaziika.

Gulu lachitatu ndi la anthu ndi ntchito. Mukaika nyumba pa lendi, mukufunika inshuwalansi ya mwini nyumba wochititsa lendi, imene ingathe kukubwezerani lendi yotayika pamene nyumba ikukonzedwa pambuyo pa ngozi. Katundu wa wochita lendi sakhalamo. Iye agule yake. Mukamagona m'nyumbamo koma chipinda china mwapatsa munthu wolipira, kampani idziwe. Makampani ambiri amavomera, koma amasintha ndime ya kuba: amalipira pokhapokha pali umboni woti chitseko kapena windo linathyoledwa. Katundu akangosowa m'nyumba popanda kuthyola, palibe chimene mungalandire.

Olandira alendo a masiku ochepa kudzera pa Airbnb (kampani ya pa intaneti yolumikiza eni nyumba ndi alendo) ndi zofanana nazo asamale kwambiri. Airbnb ili ndi chitetezo chotchedwa AirCover, koma kampaniyo imanena yokha kuti chitetezocho sichilowa m'malo mwa inshuwalansi ya nyumba. Ndipo mgwirizano wanu wamba umaona kulandira alendo olipira ngati bizinesi. Nyumba ikapsa muli mlendo wotere, mungapezeke kuti mbali zonse ziwiri zikukankhirana.

Pa za ntchito ya pakhomo, kulemba pa kompyuta sikuvuta, makampani ambiri amangofuna kudziwa. Zimasintha makasitomala akamabwera pakhomo, mukamasunga katundu wogulitsa, mukamalera ana a anthu, kapena mukamagwiritsa ntchito moto, gasi ndi makina. Apa chachikulu si katundu ayi, ndi anthu. Kasitomala akaterereka pakhonde n'kuthyoka mwendo, kapena moto wa ntchito yanu ukafika kwa oyandikana nawo, mlandu wake ungapose mtengo wa nyumba yanu. Funsani za chitetezo pa milandu yotere mwapadera.

Gulu lachinayi ndi nyumba imene ikukonzedwa kapena kuwonjezeredwa. Kupenta ndi kusintha makabati si nkhani. Koma kugwetsa khoma, kusasula denga kapena kukumba maziko kumachotsa nyumba pa mgwirizano wamba, ndipo muyenera kunena ntchito isanayambe. Pamafunika chitetezo pa nyumba yakaleyo, pa mbali yatsopano ndi zipangizo zimene zili pamalopo, komanso pa anthu ndi nyumba zoyandikira. Kontilakitala akakuuzani kuti ali ndi inshuwalansi, pemphani kuti muione, muone tsiku limene ikutha ndi zimene ikuteteza. Kawirikawiri imateteza zolakwa zake zokha. Mvula ikagwa denga lili losasula, kapena simenti ikabedwa usiku, funso la amene alipire liyenera kukhala litayankhidwa kale polemba.

Gulu lachisanu ndi la malo. Kumene madzi amasefukira kapena kumene kumachitika zivomerezi, makampani wamba amathawako, ndipo mayiko ena anakhazikitsa njira zapadera. Ku United States, inshuwalansi wamba ya nyumba siteteza pa madzi osefukira. Boma linayambitsa National Flood Insurance Program mu 1968, ndipo mukagula mumadikira masiku 30 isanayambe kugwira ntchito, kuti anthu asamagule ataona kale mitambo. Ku United Kingdom kuli Flood Re kuyambira mu 2016, ndipo inakonzedwa kuti idzathe mu 2039. Munthu amagula kwa kampani wamba, kampaniyo n'kupereka gawo la madzi ku Flood Re. Koma nyumba zomangidwa kuyambira pa 1 January 2009 sizilowamo, pofuna kuti anthu asapitirize kumanga m'madambo podalira thandizolo. Ku Turkey inshuwalansi ya chivomerezi yotchedwa DASK inakhala yokakamiza mu 2000, pambuyo pa chivomerezi chachikulu cha 1999. Ku California, chivomerezi cha Northridge cha 1994 chinachititsa makampani ambiri kusiya kugulitsa inshuwalansi ya nyumba, ndipo mu 1996 kunakhazikitsidwa bungwe la inshuwalansi ya chivomerezi lotchedwa California Earthquake Authority. Phunziro kwa inu, kulikonse kumene muli, n'lakuti mufunse mwachindunji ngati madzi osefukira, chivomerezi ndi kugumuka kwa nthaka zili mu mgwirizano wanu kapena zimagulidwa padera, ndiponso ngati m'dziko lanu muli thumba lapadera la ngozi zoterezi.

Kutitimira kwa nthaka kuli ndi khalidwe lakelake. Dothi lamakande limafufuma m'nyengo ya mvula n'kukhwinyata m'chilimwe, mizu ya mitengo imamwa madzi pansi pa maziko, paipi yodontha imakokolola dothi mobisika. Nyumba ikakhala kuti inatitimirapo, makampani atsopano amaiopa ngakhale inakonzedwa. Nthawi zambiri nzeru n'kukhalabe ndi kampani imene inalipira kukonzako, ndipo ngati mukugula nyumba yotere, funsani ngati kampaniyo ingapitirize ndi inu. Sungani lipoti la injiniya ngati mmene mumasungira chikalata cha umwini wa malo.

Nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo sizikonzedwa mwachisawawa. Ku England zimaikidwa m'magulu a Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo zoposa 90 pa 100 zilizonse zili mu Grade II. Ikawonongeka, aboma angalamule kuti ibwezeretsedwe ndi zipangizo ndi luso lofanana ndi lakale. Amisiri otere ndi ochepa, ntchito imachedwa, mtengo umakwera. Choncho onani kuti ndalama ya malo ogona pongoyembekezera ikukwana nthawi yaitali.

Otsala ndi okhala m'boti, m'kalavani kapena m'kanyumba ka matayala. Boti limafuna inshuwalansi ya zapamadzi, ndipo muyenera kunena kuti mumakhalamo chaka chonse, chifukwa ya boti lokwera pa tchuthi ndi ina. Likakhala lakale, adzafuna kuti litulutsidwe m'madzi katswiri aone pansi pake. Pa kalavani ndi kanyumba ka matayala funsani ngati n'kotetezedwa kali chiimire kokha kapenanso pamene kakukokedwa pamsewu.

Chachitatu: werengerani mtengo womangiranso, osati wogulitsira

Mtengo wogulitsira nyumba umaphatikizapo malo, ndipo malo sapsa. Chimene kampani ikufuna ndi ndalama yogumulira zotsala, kuchotsa zinyalala, kulipira ojambula mapulani ndi mainjiniya, n'kumanganso nyumba yofanana. Pa nyumba wamba ndalamayi ingachepere mtengo wogulitsira. Pa nyumba ya udzu, yamiyala yosema kapena yakutali ndi msewu, ingaupose kwambiri.

Anthu ena amatchula ndalama yochepa dala kuti azilipira pang'ono, poganiza kuti nyumba yonse singawonongeke nthawi imodzi. Ambiri sadziwa za ndime yotchedwa average, imene ili m'migwirizano yambiri. Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu kungadye mamiliyoni 100, koma inu munalembetsa 60. Moto wawononga khitchini yokha, kukonza kwake ndi mamiliyoni 20. Mungaganize kuti 20 ili m'kati mwa 60, ndiye mulandira yonse. Kampani idzati munateteza magawo 60 okha pa 100, choncho idzalipira magawo 60 pa 100 a 20, amene ndi mamiliyoni 12. Otsala 8 ndi anu. Chilangochi chimagwa pa ngozi iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe.

Pa nyumba yosiyana ndi zinzake musadalire makina owerengera a pa intaneti, chifukwa anapangidwira nyumba wamba. Lipirani katswiri wowerengera mtengo wa zomangamanga akulembereni lipoti. Ndikuona kuti pa ndalama zonse zimene mungawononge pa nkhaniyi, iyi ndi imene ili ndi phindu loposa. Bwerezani pakapita zaka zingapo, kapena msanga ngati mitengo ya zipangizo ikukwera mofulumira.

Katundu wa m'nyumba muwerengere padera. Zinthu zodula monga zodzikongoletsera, zoimbira ndi makamera zimakhala ndi malire pa chinthu chimodzi, ndipo choposa malirewo chiyenera kutchulidwa ndi dzina.

Chachinayi: pezani wogulitsa amene amadziwa nyumba ngati yanu

Yambani ndi kampani imene muli nayo kale. Pa zinthu ngati mlendo mmodzi wolipira kapena ulendo wa miyezi iwiri, ingathe kungowonjezera ndime pa mgwirizano wanu. Ikakana, pitani kwa broker, amene ndi mkhalapakati wa inu ndi makampani. Kusiyana kwake ndi ejenti n'kwakuti ejenti amagulitsa za kampani imene amaiimira, pamene broker amayenera kukufunirani inu kumakampani osiyanasiyana. Ena amafika mpaka ku msika wa Lloyd's ku London, umene umadziwika polandira zinthu zimene ena amazikana.

Mufunseni ngati anagulitsapo inshuwalansi ya nyumba za mtundu wanu, dzina la kampani imene idzalipire ngozi ikachitika, ndi mmene iye amapezera malipiro ake. Kenaka tsimikizani ku bungwe la boma loyang'anira inshuwalansi m'dziko lanu kuti broker ndi kampaniyo ali ndi ziphaso. Anthu amene akanidwa kangapo ndi amene akuba amawasaka, chifukwa amakhala atatopa ndipo amalandira aliyense wonena kuti inde. Pezani mitengo kwa awiri kapena atatu, onse muwapatse pepala lomwe lija la gawo loyamba. Ngati nyumba ili ndi ngongole ya kubanki, funsaninso zimene banki ikufuna, chifukwa imafuna kuti dzina lake lilembedwe pa mgwirizano.

Chachisanu: yankhani mafunso moona, ndipo mayankho akhale olembedwa

Inshuwalansi inamangidwa pa mfundo yakuti wogula ndi amene amadziwa za chinthu chake kuposa kampani. Woweruza wa ku England, Lord Mansfield, anaifotokoza mu 1766 pa mlandu wa Carter v Boehm, ndipo inafalikira m'malamulo a mayiko ambiri. M'mayiko ena mpaka lero wogula amayenera kuulula yekha chilichonse chimene chingasinthe maganizo a kampani, ngakhale sanafunsidwe. Ku United Kingdom lamulo la 2012 linafewetsa zimenezi kwa anthu wamba: udindo wawo ndi kusamala kuti asayankhe zabodza pa zimene afunsidwa. Kumeneko wolakwitsa mosasamala angalandire gawo chabe la ndalama, koma wonama dala amataya zonse.

Njira yotetezeka kulikonse ndi kunena zambiri kuposa zimene mwafunsidwa. Mukakayikira ngati mng'alu wa pakhoma kapena madzi amene analowa m'galaja zaka zapitazo n'zofunika kutchula, tchulani. Pa intaneti samalani ndi timabokosi tochongeratu tonena kuti nyumba ndi ya njerwa, siikhala yotseka masiku oposa 30 ndipo simuchitikira bizinesi. Mukadina kuvomera, mwasayinira zonsezo. Zimene mwakambirana pafoni zitsatireni ndi imelo yobwereza zomwe mwanena, ndipo pemphani yankho. Chikalata chikabwera, onani ngati zalembedwa molondola, ngakhale anadzaza fomu ndi broker. Cholakwa chake chidzawerengedwa ngati chanu.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani ndime zowonjezera musanalipire

Kabuku kakakulu ka malamulo n'kofanana kwa onse. Zokhudza inu nokha zili pa tsamba lachidule lokhala ndi dzina lanu, ndi pa ndime zowonjezera zimene zili kumapeto kwake. Pa nyumba yosiyana ndi zinzake, mgwirizano weniweni uli pamenepo. Safunsa anadya phula: ndime iliyonse imene simukuimvetsa, funsani kuti akupatseni chitsanzo cha ngozi imene angalipire ndi imene sangalipire.

Yang'anani excess, ndalama imene mumayamba mwalipira nokha pa ngozi iliyonse. Siikhala imodzi. Ya kuba ingakhale yochepa, ya madzi osefukira kapena kutitimira kwa nthaka n'kukhala yaikulu. Pa chivomerezi imawerengedwa ngati gawo la mtengo wa nyumba. Ku California imayambira pa 5 kufika pa 25 pa 100. Dzifunseni ngati ndalama imeneyo mungaipeze tsiku la tsoka. Onaninso ngati amalipira mtengo wa chinthu chatsopano kapena amachotsera ukalamba wake, zimene zimasiyanitsa kwambiri pa denga la udzu, boti ndi kalavani.

Kumbukiraninso kuti inshuwalansi imalipira ngozi yadzidzidzi. Chiswe, dzimbiri, chinyezi cha pang'onopang'ono ndi denga lotha ndi ukalamba sizilowamo pafupifupi kulikonse.

Mayiko ena amapereka masiku oti munthu asinthe maganizo atagula, monga masiku 14 ku United Kingdom. Funsani ngati alipo kwanuko, ndipo muwagwiritse ntchito powerenga.

Chachisanu ndi chiwiri: chitani zimene munalonjeza, ndipo nenani zikasintha

Ngati ndime ikuti loko wa mtundu wakuti, alamu yoyatsa usiku, chozimitsira moto m'khitchini kapena kuyendera sabata iliyonse, zimenezo si malangizo chabe. Zilembeni pa kalendala. Sungani malisiti a wosesa chumuni ndi wa magetsi. Woyendera nyumba yotseka azijambula chithunzi ulendo uliwonse, chifukwa foni imasunga tsiku ndi nthawi. Ndime imene mukudziwa kuti simungaikwanitse musaivomere. Kambiranani kuti isinthidwe musanasayine.

Wochita lendi akatuluka, mukayamba kumanga, mukaika mbaula yatsopano, ulendo wanu ukatalika, dziwitsani kampani nthawi yomweyo, osadikira kutha kwa chaka. Zina zimatsitsa mtengo: nyumba yotseka ikapeza wokhalamo kapena ntchito yomanga ikatha, mungabwerere ku mgwirizano wotchipa.

Chomaliza: ngozi ikachitika

Anthu akapulumuka, letsani kuwonongeka kuti kusapitirire: tsekani madzi, phimbani denga ndi lona. Jambulani zonse musanasunthe kanthu, ndipo musataye zowonongeka kufikira woyesa wa kampani, amene amawerengera mtengo wa zowonongeka, ataziona. Pa kuba ndi kuwononga mwadala pitani kupolisi mutenge lipoti. Dziwitsani kampani m'masiku amene mgwirizano unatchula, ndipo musayambe kukonza kwakukulu isanavomere. Pa nyumba ya udzu, yakale kapena ya kamangidwe kapadera, limbikirani kuti mtengo wokonzera uchokere kwa mmisiri wodziwa ntchito yoteroyo, chifukwa kontilakitala wamba wa kampani angawerengere zipangizo zimene sizigwirizana ndi nyumbayo.

Dziwani kuti woyesa amene kampani yatuma amalipidwa ndi kampaniyo. Pa ngozi yaikulu mungathe kulemba wanu woti akuimireni, koma gwirizanani za malipiro ake poyamba. Kampani ikakana kapena ikapereka zochepa, pemphani chifukwa chake polemba, ndi ndime imene yatsamirapo. Yerekezani ndi maimelo anu a gawo lachisanu, n'kulemba dandaulo ku kampaniyo. Ikapanda kukuthandizani, pitani ku ofesi yomva madandaulo a inshuwalansi kapena ku bungwe loyang'anira makampaniwa m'dziko lanu. Ku United Kingdom kampani imapatsidwa masabata 8 kuti iyankhe, ndipo wodandaula amakhala ndi miyezi 6 kuchokera pa yankho lomaliza kuti akafike ku Financial Ombudsman Service, kumene salipira kanthu. Malire a nthawi amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani a kwanuko tsiku lomwelo limene mwalandira kalata yokana.